Nsapato zopepuka za chidendene chotsika: ndisinthe bwanji osavulala?

Chikondi, Lilongwe:
Moni nonse. Ndabwera ndi funso kwa inu amene mwakhala pamsewu nthawi yaitali. Chiyambireni kuthamanga ndimavala nsapato zolemera, za chidendene chokwera, drop 12. Loweruka lapitali ndatola Saucony Kinvara pa kaunjika, ikadali yabwinobwino, yopepuka moti ukaigwira sufuna kuisiya. Ndafufuza pa intaneti, akuti drop yake ndi 4. Pa sabata ndimathamanga makilomita pafupifupi 40, ambiri pa tala. Kwatsala masabata 6 kuti ndikathamange mpikisano wa makilomita 21. Kodi ndiyambe kuivala tsopano kuti ndikathamangire imeneyi? Ndikuopa kuvulala, koma mtima uli pa nsapato ija.

Limbani:
Pepani abale, ine ndine mlendo pa zimenezi. Drop ndiye chiyani?

Bambo Mbewe, Blantyre:
A Limbani, mukavala nsapato, chidendene chimakhala pamwamba pang'ono kuposa kutsogolo kwa phazi. Kusiyana kumeneko, poyeza m'mamilimita, ndiye drop. Nike Pegasus ili ndi 10, Brooks Ghost zambiri zili ndi 12, Kinvara 4, ndipo Altra zambiri zili ndi 0, phazi limagona ngati mwaponda pansi opanda nsapato.

Kwa a Chikondi, yankho langa ndi lalifupi. Mpikisano uwu kathamangireni yakaleyo. Kuchoka pa 12 kufika pa 4 ndi mamilimita 8, pa rula kaoneka kochepa, koma phazi lililonse likugunda pansi maulendo masauzande pa ola limodzi. Masabata 6 sakukwana, makamaka kuti ndi masabata amene mukuwonjezeranso mtunda pokonzekera mpikisano. Zinthu ziwiri zatsopano pa nthawi imodzi, mwendo ukayamba kudandaula simudziwa kuti wayambitsa ndani.

Yamikani, Dedza:
Madala, ulemu wanu, koma pamenepa ndikutsutsani. Ife tinakula tikupita kusukulu opanda nsapato, mpira tikumenya opanda nsapato, kudimba chimodzimodzi. Palibe amene anatiuza za masabata. Lero tiziopa mamilimita 8? Abebe Bikila anapambana marathon ya Olympics ku Rome mu 1960 ali wopanda nsapato, nthawi yake 2:15:16. Pitani ku Likhubula mu July mukaone Porters Race, anyamata ndi atsikana a ku Mulanje mmene amakwerera phiri lija. Ine ndinaona ndi maso anga ena atavala tinsapato tosaoneka bwino, akutsika pamiyala ngati akusewera. Mantha awa ndi a anthu a kunja amene anavala nsapato asanayambe kuyenda. Valani achemwali, phazi la Mmalawi limadziwa ntchito yake.

Dalitso, Johannesburg:
Achimwene a Yamikani, nkhani ya Bikila muimalize. Mu 1964 ku Tokyo anapambananso, koma atavala nsapato, ndipo anathamanga 2:12:11, mofulumira kuposa ku Rome. Komanso a ku Mulanje aja amakwera phiri limenelo chaka chonse atasenza katundu. Miyendo yawo inaphunzitsidwa ndi phirilo. Achemwali athuwa miyendo yawo yaphunzitsidwa ndi tala wa mu Lilongwe ndi drop 12.

China chimene anthu amasokoneza, amaganiza kuti nsapato yothamanga kwambiri ndiye yotsika chidendene. Si choncho. Nike Vaporfly imene yadzaza kutsogolo kwa mipikisano kuno, mitundu yake ina ili ndi drop 8, ndipo ndi yokhuthala pansi mpaka bungwe loyang'anira masewera othamanga padziko lonse, la World Athletics, linaika malire a mamilimita 40 mu 2020. Kupepuka, kukhuthala ndi drop ndi zinthu zitatu zosiyana. Hoka Clifton zakale ndi zokhuthala kwambiri koma drop 5.

Tadala, Blantyre:
Moni nonse. Ine ntchito yanga ndi physio, kuthandiza ovulala minofu, mitsempha ndi mafupa kuti ayambenso kuyenda bwino, ndipo miyendo yotereyi ndimaigwira sabata ndi sabata, ndiye ndiloleni ndilembe zazitali pang'ono.

Drop ikatsika, katundu sachoka pamwendo, amangosamuka. Chidendene chikakhala pamwamba, bondo ndi limene limagwira ntchito yambiri. Chikatsika, kakolo amapinda kwambiri pa sitepe iliyonse, ndiye akatumba a kumbuyo kwa mwendo ndi mtsempha waukulu wa kuchidendene, wa Achilles uja, zimakokedwa kwambiri. Pothamanga mtsempha umenewu umanyamula kale mphamvu yoposa kulemera kwa thupi lanu kangapo. Ngati nsapato yatsopanoyo ndi yopyapyalanso pansi, ambiri amayamba kupondera kutsogolo osadziwa, ndipo timafupa titalititali ta pakati pa phazi, timene timakathera ku zala, timalandira gawo lawo.

Vuto lenileni ndi loti ziwalo sizizolowera pa liwiro limodzi. Mtima ndi mapapo a Chikondi ndi okonzeka kale kuthamanga makilomita 40 pa sabata. Akatumba amazolowera m'masabata ochepa, amawawa poyamba kenako n'kusiya. Mtsempha umatenga miyezi. Ku Copenhagen mu 2013 anayeza mitsempha ya Achilles ya anthu akuluakulu n'kupeza kuti pakatikati pake pamakhala pafupifupi pomwepo kuyambira pamene munthu anasiya kukula, pa zaka ngati 17. Fupa nalo lili ndi khalidwe lake: likalandira ntchito yatsopano, thupi limayamba ndi kuchotsa fupa lakale pamalopo, kumanga latsopano kumabwera pambuyo. Pakati pamenepo fupa limakhala lofookerapo, pamene mwini wake akumva kuti ali bwino kuposa kale chifukwa akatumba asiya kuwawa. Anthu ambiri amene amandipeza amabwera nthawi imeneyi, mwezi wachiwiri, osati sabata yoyamba.

Ku Brigham Young University ku America anachita kafukufuku amene anatuluka mu 2013. Anatenga othamanga 36, ndipo 19 mwa iwo anawasinthira ku Vibram FiveFingers, zija za zala zisanu, pang'onopang'ono kwa masabata 10. Atawajambula ndi MRI, makina oona mkati mwa thupi, 10 mwa 19 aja anali ndi zizindikiro zoti mafupa a m'phazi akuvutika mkati. Kinvara si FiveFingers, ili ndi thovu lake lokwanira pansi, chofewa chija chimene phazi limapondapo, ndiye sindikuti ngozi yake ndi yofanana. Ndikungoonetsa kuti ngakhale masabata 10 a pang'onopang'ono sanawakwanire ambiri.

Yamikani, Dedza:
Asisi a Tadala, zikomo, koma amenewo ndi Achimereka. Nanga uja wa ku yunivesite ya Harvard, Daniel Lieberman? Pa kafukufuku wake amene anatuluka mu 2010 anapita ku Rift Valley ku Kenya, anapeza kuti ana amene anakula opanda nsapato amapondera kutsogolo ndipo sagunda pansi mwamphamvu ngati ovala nsapato. Si ife amenewo?

Tadala, Blantyre:
Kafukufuku ameneyo alipodi, anatuluka m'magazini ya sayansi ya Nature. Koma anayeza mmene phazi limagundira pansi, sanawerenge kuti avulala angati. Ndipo pa kafukufuku amene anatuluka mu 2013 ena anakayeza a Daasanach, kumpoto kwa Kenya pafupi ndi nyanja ya Turkana, anthu ozolowera kuyenda opanda nsapato. Pa liwiro la mtunda wautali, 72 pa 100 ya mapondedwe awo anali oyambira kuchidendene. Ndiye ngakhale ku Kenya komweko palibe mapondedwe amodzi amene tinganene kuti ndi achibadwa a munthu wa mu Africa.

Ndikuvomerezeni chimodzi: mapazi a munthu amene anakula opanda nsapato amakhala otambalala, zala zotalikirana, ndipo zimenezo ndi zabwino. Koma funso langa kwa aliyense limakhala lakuti, zaka zisanu zapitazi mwakhala mukuvala chiyani?

Bambo Mbewe, Blantyre:
A Yamikani, inu ndinu wa ku Dedza, mukudziwa bwino. Mwana amene anakula akulima, akapita m'tauni n'kukhala pa ofesi zaka khumi, tsiku limene wabwera kumudzi n'kugwira khasu, madzulo ake manja ali matuza okhaokha. Kagwiridwe ka khasu sanaiwale, koma chikopa chinaiwala. Mtsempha wa kuchidendene ndi chimodzimodzi, kungoti matuza amapola sabata imodzi, mtsempha ukatupa mungakhale panyumba theka la chaka.

Ine anyamata amene ndimathamanga nawo ku Kamuzu Stadium sindiwaletsa nsapato zotsika. Enanso timathamanga opanda nsapato pa udzu tikamaliza, mphindi zochepa. Chimene ndimakana ndi kudumpha.

Chikondi, Lilongwe:
Asisi a Tadala, funso lanu landigwira. Kuntchito ndimavala gogoda kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, osati yaitali kwambiri koma ndi gogoda ndithu. Kunyumba ndi patapata. Zimenezi zili ndi gawo? Ndipo ndifunsenso, kodi kusinthaku kuli ndi phindu lenileni, kapena ndikungodzivutitsa?

Dalitso, Johannesburg:
Za phindu ndiyankhe ine. Kupepuka kuli ndi phindu, ndipo linayezedwa. Ku University of Colorado mu 2016 anaika timikanda ta mtovu mu nsapato mobisa, othamanga osadziwa, n'kuwathamangitsa mamita 3,000. Magalamu 100 aliwonse owonjezera pa nsapato iliyonse ankawachedwetsa ndi 0.78 pa 100. Tiwerengere limodzi: ngati makilomita 21 mumamaliza pa maola awiri, ndipo yatsopanoyo yapepuka ndi magalamu 100, mwapindula pafupifupi mphindi imodzi. Ndi mphindi yabwino, ine ndingaifune. Koma muiyerekeze ndi kuphonya mpikisano wonse.

Ndipo phindu limenelo ndi la kupepuka, si la drop. Mungapeze nsapato yopepuka ya drop 8 kapena 10, n'kupeza mphindi yanuyo osasintha kanthu pa kakolo. Kuno pa mpikisano wautali wa Comrades ndimaona anthu akufika ku Durban ndi nsapato za mitundu yonse. Sindinaonepo kuti a drop yotsika ndi amene amafika oyamba kapena amene amatsimphina pang'ono.

Tadala, Blantyre:
Gogoda ali ndi gawo, achemwali. Amene amaivala masiku ambiri kwa zaka, akatumba amafupikirako ndipo mtsempha umauma. Patapata wa madzulo akuthandizani, koma kuyenda kukhitchini ndi kuthamanga makilomita 15 si ntchito imodzi.

Yesani ichi lero. Imani moyang'ana khoma opanda nsapato, chala chachikulu chitalikire khoma ndi masentimita 10. Pindani bondo likhudze khoma, chidendene chisanyamuke ngakhale pang'ono. Chitani mwendo uwu, kenako winawo. Ngati bondo silikufika, kapena mwendo umodzi ukufika winawo ayi, kakolo wanu sanakonzeke, ndipo drop 4 idzapempha chimene iye alibe.

Pa funso lachiwiri, kafukufuku amene ndimamukhulupirira kwambiri ndi wa ku Luxembourg wa 2016, chifukwa anali wamkulu. Othamanga 553 anapatsidwa nsapato zofanana pa china chilichonse kupatula drop: ena 10, ena 6, ena 0. Anawatsatira miyezi 6. Powerenga onse pamodzi, kuvulala sikunasiyane. Koma atawagawa, amene ankathamanga mwa apo ndi apo anavulala mochepa ndi zotsika, pamene amene anali ozolowera kuthamanga sabata ndi sabata anavulala kwambiri ndi zotsikazo. Inu muli m'gulu lachiwirili. Mmene ine ndimaonera, thupi lanu linamangidwa kale mozungulira nsapato imene mwakhala nayo, ndipo mphamvu imene muli nayo ndi imene ingakupwetekeni, chifukwa mutha kuthamanga mtunda wautali mu nsapato imene mwendo sunaidziwe. Woyamba kumene amatopa msanga, kutopako n'kumuteteza.

Gift, Mzuzu:
Ndalowa mochedwa koma ndawerenga zonse. Ine ndine munthu wa thupi, makilogalamu 92, ndipo bondo lakumanja limandiwawa kutsogolo ndikamatsika mtsetse. Mwati drop yotsika imapepuza bondo. Ndiye ine ndi amene ndikufunika kusintha, eti?

Tadala, Blantyre:
A Gift, mwina, koma mosamala kuposa wina aliyense pano. Ku Australia, pa kafukufuku amene anatuluka mu 2017, anatsatira othamanga 61 kwa masabata 26, theka lawo akusinthira ku nsapato zopyapyala pang'onopang'ono. Anapeza kuti amene ankalemera kuposa makilogalamu 71 anali pa ngozi yaikulu yovulala ndi zopyapyalazo, ndipo ngoziyo inkakula ndi kulemera. Ululu unkachulukanso kwa amene ankadutsa makilomita 35 pa sabata. Pamenepa a Chikondi mumve nanunso.

Kwa inu ndinganene kuti mufune yotsikirako koma yokhuthala pansi, ya 6 kapena 8, osati yopyapyala. Ndipo musanagule chilichonse yesani kufupikitsa sitepe. Werengani kuti phazi lamanja likugunda pansi kangati pa mphindi imodzi, kenako onjezerani pang'ono, 5 pa 100 yokha, liwiro likhale lomwelo. Sitepe ikafupika phazi limatera pafupi ndi thupi ndipo bondo limapepukidwa. Zimenezi ndi zaulere. Bondo lowawa kutsogolo nthawi zambiri limafunanso kulimbitsa ntchafu ndi m'chiuno, nsapato yokha siingathetse.

Bambo Mbewe, Blantyre:
Tsopano ndilembe mmene ndimawachitira anyamata anga, aliyense atengepo chimene chingamuthandize.

Poyamba nsapato yatsopano ndi yoyendera basi. Kumsika, kutchalitchi, kokwerera minibasi. Sabata ziwiri. A Chikondi mungayambe zimenezi ngakhale mawa, sizisokoneza mpikisano. Mpikisano ukatha, mupume kaye miyendo ibwerere, musayambe kusintha mukadali otopa.

Kenako tsiku la kuthamanga kopepuka, nyamukani ndi yatsopano, thamangani mphindi 10 pamalo athyathyathya, bwererani pakhomo, valani yakale, malizani mtunda wanu. Ena amakonda kuika yatsopano kumapeto. Ine ndimafuna koyambirira, miyendo isanatope, chifukwa munthu wotopa amaponda mwachisawawa. Muchite kawiri pa sabata, ndipo pakati pazikhala masiku awiri. Mudziwa ngati zayenda osati pothamanga ayi, koma m'mawa wake. Mukadzuka, masitepe oyamba ochoka pabedi kupita kubafa ndi amene amanena zoona. Akatumba kuwawa mbali zonse ziwiri, n'kumasuka mukayenda pang'ono, zimenezo n'zabwinobwino. Koma mtsempha ukauma ngati ukukana kupinda, kapena pansi pa chidendene pakabaya, musawonjezere sabata imeneyo. Bwererani pamene panalibe vuto.

Ngati m'mawa muli bwino, sabata yotsatira onjezerani mphindi zisanu. Muzipita choncho. Kukwera mitunda, liwiro ndi kuthamanga kwakutali kwa Loweruka zimabwera pomaliza penipeni, chimodzi chimodzi. Mtunda ndi umene ndimauopa kwambiri, chifukwa pokwera chidendene chimatsika kuposa pathyathyathya ndipo mtsempha umakokedwa kwambiri. Amene mumakwera msewu wa ku Zomba Plateau kapena ku Michiru, valani yakale mpaka miyezi itatu itadutsa. Mchenga wa kunyanja nawonso ndi chimodzimodzi, chidendene chimamira.

Zonse pamodzi, kuchoka pa 12 kufika pa 4, muwerengere miyezi inayi mpaka isanu ndi umodzi. Mukanakhala ndi ya 8 yoti idutse pakati, zikanafewa. Ndipo yakaleyo musataye ngakhale mutazolowera.

Dalitso, Johannesburg:
Pa kusataya yakale madala akunena zoona, ndipo gulu la ku Luxembourg lomwe lija linapezanso zimenezi mu 2015. Pa othamanga 264, amene ankasinthasintha nsapato zingapo anali ndi ngozi yovulala yochepa ndi 39 pa 100 poyerekeza ndi a nsapato imodzi. Ine ndili ndi ya 10 ya mtunda wautali ndi ya 6 ya masiku a liwiro, ndipo sindikuona chifukwa chosankhira imodzi.

Mphatso wa nsapato, Limbe:
Mabwana ndi madona, ine si wothamanga kwenikweni, ndimagulitsa nsapato za kaunjika, koma pali zimene simunakhudze. Nambala ya pa intaneti ija ndi ya nsapato yatsopano ili m'bokosi. Imene yatuluka m'belo inavalidwa ndi munthu wina, mwina makilomita 600, ndipo thovu linaphwanyika motsatira phazi lake, osati lanu. Amene ankagunda ndi chidendene amasiya kumbuyo kutaphwa, ndiye ya 4 ija mwina yatsikanso. Kunja imaoneka yoyera chifukwa timachapa ndi burashi.

Asisi a Chikondi, chitani izi. Ikani nsapato zonse ziwiri patebulo, muwerame muziyang'ane kuchokera kumbuyo. Ngati ina yapendekera mkati kapena kunja, imeneyo ikhale yoyendera. Kenako yang'anani thovu m'mbali mwa chidendene, ngati lili ndi makwinya ambiri opingasa, latopa. Tulutsani kansalu ka mkati kaja, lowetsani dzanja, dinani ndi chala chachikulu pamene pamakhala chidendene ndi pamene pamakhala kuseri kwa zala. Lamoyo limabwerera, lakufa limangoti gwa, kapena mupeza kadzenje kale. Muone pansi ngati mphira watha mbali imodzi.

Musayeze drop ndi rula kunja, mudzanamizidwa. Nsapato zambiri thovu lake limakwera m'mbali ngati khoma, phazi limakhala m'munsi mwa mzere umene mukuuona. Njira yabwino ndi kuwerenga kalebulo ka kuseri kwa lilime, pali dzina kapena nambala ya mtundu wake, n'kufufuza pa foni. Pamenepo mudziwanso ngati ndi yeniyeni, chifukwa zachinyengo zachuluka, ndipo zimenezo mkati mwake simuli thovu lothamangira.

Chomaliza, gulani yotsala ndi mpata wa chala chimodzi kutsogolo. Phazi limatupa mukathamanga. Makasitomala ambiri amafuna yothina kuti ioneke bwino, kenako zikhadabo zikuda.

Chikondi, Lilongwe:
Achimwene a Mphatso, mwandithandiza kwambiri. Ndaziika patebulo, zaima mowongoka, makwinya alipo ochepa. Za khoma zija ndayesa, mwendo wamanja bondo likufika, wamanzere chidendene chikunyamuka. Asisi a Tadala, ndichite chiyani ndi wamanzerewu?

Tadala, Blantyre:
Mwachita bwino kuyeza. Ndiye tadziwa mwendo woti tiziuyang'anira.

Kuwongola kokha sikukwanira, pamafunika mphamvu. Imani m'mphepete mwa khonde kapena pa sitepe, kutsogolo kwa phazi kuli pamwamba, chidendene chili m'malere, dzanja litagwira chipilala. Nyamukani ndi miyendo yonse iwiri, kenako chotsani umodzi, tsikani ndi umodzi wokha pang'onopang'ono, kuwerenga mpaka katatu, mpaka chidendene chitsike kupitirira khondelo. Chitani ka 15, mubwereze maulendo atatu, bondo lili chowongoka. Kenako chimodzimodzi bondo litapinda pang'ono, chifukwa pali katumba wina wamkati amene amagwira ntchito bondo likapinda, ndipo pothamanga mtunda wautali ndi amene amasenza zambiri. Njira imeneyi inatchuka ndi dokotala wa ku Sweden, Håkan Alfredson, mu 1998. Iye ankapatsa odwala mtsempha kawiri pa tsiku kwa masabata 12. Inu simukudwala, katatu pa sabata n'kokwanira. Zikayamba kuphweka, berekani chikwama muli mabuku. Muyambe modekha, ndipo sabata ya mpikisano musiye.

Muyezo wanga ndisanamulole munthu kuthamanga nthawi yaitali ndi drop yotsika ndi woti athe kunyamuka ndi mwendo umodzi maulendo 25 pansi pathyathyathya, mpaka pamwamba penipeni, osagwedera, miyendo yonse mofanana.

Chenjezo limodzi. Ngati ululu uli pamene mtsempha walumikizana ndi fupa la chidendene penipeni, musatsitse chidendene kupitirira khonde, muzichitira pansi. Amenewo ndi anthu amene drop yotsika imawavutitsa kwambiri, ndipo nthawi zambiri ndimawabwezera ku nsapato yokwera.

Zizindikiro zoti muime osakambirana ndi izi. Ululu wa pamwamba pa phazi umene mungauloze ndi chala chimodzi, pa fupa, umene ukukula mukamathamanga m'malo mochepa, kapena kutupa pamenepo. Kulephera kudumpha ndi mwendo umodzi chifukwa cha ululu. Pamenepo tikuganizira fupa losweka mng'alu. Mukapita kuchipatala dziwani kuti masabata awiri kapena atatu oyambirira X-ray imatha kuonetsa kuti zonse zili bwino pamene mng'alu ulipo, ndiye chithunzi choyera si chilolezo chobwerera pamsewu. Ndipo mukamva ngati wina wakumenyani kumbuyo kwa kakolo, mutembenuka palibe munthu, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Mtsempha ukaduka umamveka choncho.

China chimene anthu sachidziwa, ndipo kwathu kuno n'chofunika. Ciprofloxacin, amene timalandira kawirikawiri pa matenda a m'mimba ndi a chikhodzodzo, amatha kufooketsa mitsempha, makamaka wa Achilles. Ku America bungwe loyang'anira mankhwala la FDA linaika chenjezo lalikulu pa mankhwala a gulu limeneli mu 2008. Ngozi imakula kwa opitirira zaka 60 ndi amene akumwanso mankhwala a prednisolone. Sindikuti mukane mankhwala, koma muwauze adokotala kuti ndinu wothamanga, ndipo nthawi imeneyo ndi masabata otsatira si yoyesera nsapato zatsopano kapena mitunda.

Yamikani, Dedza:
Za cipro sindinkazidziwa, zikomo asisi. Koma ndikakamirabe pamfundo yanga imodzi. Makampani anatiphunzitsa kuti phazi ndi lofooka, likufunika kutetezedwa ndi zinthu zodula. Ine ndimathamanga ndi zopyapyala m'misewu ya fumbi ya kuno ndipo mawondo anga ali bwino. Ndikuvomera kuti wa gogoda ndi tala ayende pang'onopang'ono. Koma asaope kufika.

Dalitso, Johannesburg:
Achimwene, a zopyapyala nawonso ndi makampani. Vibram inavomera kulipira madola 3.75 miliyoni mu 2014 pa mlandu wa ku America, wokhudza zimene inkalengeza kuti nsapato zake zimalimbitsa mapazi ndi kuchepetsa kuvulala popanda umboni wokwanira. Sinavomere kulakwa, koma inalonjeza kusiya kulengeza zimenezo. Inu zikukuyenderani chifukwa simunasiye, ndiponso fumbi la ku Dedza ndi losiyanasiyana, phazi siliponda mofanana kawiri. Tala ndi yemweyo kuyambira kilomita yoyamba mpaka yomaliza.

Bambo Mbewe, Blantyre:
Apa a Yamikani ali ndi mfundo ndithu. Pa kufika sitikutsutsana. Ndipo a Chikondi, mphindi 10 zoyambirira zija mukapeza msewu wa fumbi wosalala kapena bwalo la udzu, yambirani kumeneko. Chinanso, musadzikakamize kupondera kutsogolo chifukwa mwavala yotsika. Ndaona ambiri akuthamanga monyang'ama, chidendene osakhudza pansi n'komwe, akatumba n'kuuma ngati mwala pa kilomita yachiwiri. Phazi liziponda mmene likufunira, chidendene chizifika pansi.

Chikondi, Lilongwe:
Zikomo nonse. Mpikisano ndithamangira yakale. Kinvara ndiyamba kuyendera, ndipo kuntchito masiku ena ndizivala zathyathyathya m'malo mwa gogoda. Za pakhonde ndiyamba mawa.

Limbani:
Ndifunseko komaliza. Bambo anga ali ndi shuga, adokotala anawauza kuti aziyenda m'mawa. Aona zithunzi za nsapato zopyapyala zija ndipo akuzifuna chifukwa akuti zolemera zimawatopetsa. Ndiwagulire?

Tadala, Blantyre:
Zopyapyala ayi, a Limbani, ndipo opanda nsapato asayende ngakhale pabwalo. Shuga amatha kupha kumva kwa mapazi, munthu n'kuponda kamwala kapena minga osadziwa, bala n'kukula. Apezereni yopepuka koma yokhuthala pansi, yotakasuka kutsogolo, yopanda msoko wokhula mkati. Za drop kwa woyenda musavutike nazo. Asanavale azilowetsa dzanja kuona ngati mulibe kanthu, azivala masokosi, ndipo akabwerako aziyang'ana mapazi onse, pansi ndi pakati pa zala. Ngati sangathe kuwerama, muziwayang'anira inu. Akapita ku sikelo yawo ya shuga apemphe kuti awayeze kumva kwa mapazi.

Mphatso wa nsapato, Limbe:
A Limbani, kwa madalawo musagule mongoganizira saizi. Aimitseni pa pepala madzulo, jambulani phazi lililonse ndi cholembera, dulani mapepalawo mupite nawo kumsika. Pepala likalowa mu nsapato osapindika m'mbali, imeneyo ndi yawo. Ndipo kansalu ka mkati mugule katsopano, ka mwini wake wakale kamakhala ndi maenje a zala zake.